Chala Chimene Agogo Athu Adadinda

Aliyense wa ife amene adakwerapo basi kuchokera kunyanja kuno kupita ku Blantyre amalidziwa dzina la Wenela. Achinyamata a lero amalitchula ngati dzina la depoti chabe, malo a phokoso la oitanira ndi utsi wa dizilo. Komatu dzinali ndi lakale kuposa mabasi amene amaima pamenepo. Ndi dzina la bungwe limene kwa zaka zambiri linkasonkhanitsa amuna a dziko lino, kuwayeza m'thupi, kuwadinditsa chala papepala, ndi kuwatumiza ku migodi ya golide ya ku Joni. Bungwelo palokha silinkakumba golide. Ntchito yake idali kuima pakati pa munthu wofuna ntchito ndi mwini ntchito, ndipo katundu amene linkanyamula adali anthu.

Takumbukira mbiriyi chifukwa munthu woima pakati uja sadathe. Lero sabwera ndi lole kapena buku lalikulu la mayina. Amabwera pa foni, amadzitcha ajenti, ndipo amalonjeza ntchito ku Joni, ku Oman kapena ku Dubai. M'nyumba zambiri za ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota muli mwana amene akusunga ndalama ya pasipoti, mulinso mayi amene akusinkhasinkha zogulitsa munda kuti mwanayo apite. Mabanja amenewa ayenera kudziwa kuti njirayi agogo awo adaipondapo kale, ndi kuti minga zake zidali pati.

Msonkho udatsegula njira

Kuyenda sikudayambe ndi azungu. Makolo athu ankafika ku Kilwa ndi kumadoko ena a nyanja ya mchere atasenza minyanga ya njovu, nabwerako ndi nsalu ndi mikanda. Ku Nkhotakota zombo za Jumbe zinkawoloka nyanja kupita kutsidya. Chisilamu chidafika kwathu kuno m'njira zomwezo. Tisabisenso kuti m'maulendo amenewo munkagulitsidwa anthu, ndipo chimenecho ndi chilonda chimene mbiri yathu idzasenza mpaka kale.

Mu 1891 dziko lino lidalowa m'manja mwa Angerezi. Harry Johnston adamanga linga la Fort Johnston pafupi ndi kwa Mponda, ndipo pofika mu 1895 mafumu amphamvu monga Makanjira ndi Jalasi adali atagonjetsedwa. Njira ya kugombe idatsekeka, ndipo m'malo mwake mudabwera msonkho wa nyumba, umene mu 1894 udali mashilingi atatu pa chaka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 msonkhowo udakwezedwa, koma ndi lamulo lakuti munthu amene wagwira ntchito kwa mzungu kwa mwezi umodzi azilipira theka chabe. Apa cholinga chidaonekera poyera: msonkho udali ndodo yotulutsira amuna m'midzi. Popeza malipiro a m'minda ya azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje adali otsika kwambiri, ndipo kum'mwera ankalipira kuwirikiza kangapo, maso a anthu adaloza ku Halale ndi ku Joni.

Kwa ife Asilamu padali chifukwa china. Sukulu za nthawi imeneyo zidali m'manja mwa amishoni, ndipo makolo ambiri adakana kutumizako ana poopa kuti akasiya chipembedzo. Chikhulupiriro chidasungika, koma khomo la ukalaliki ndi uphunzitsi wa boma lidatsekeka kwa mibadwo ingapo. Mnyamata wa Chisilamu adatsala ndi usodzi, utelala, ukhukhi m'nyumba za azungu, usilikali, kapena ulendo. Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ambiri adanyamuka.

Mabungwe awiri, cholinga chimodzi

Eni migodi ya ku Johannesburg adali ndi vuto lawo. Golide wa kumeneko ndi wochuluka koma womwazikana m'thanthwe, kotero kuti pamafunika kuphwanya miyala yambiri kuti papezeke pang'ono. Mtengo wa golide nawo udali wokhazikika padziko lonse, ndipo iwo sakadatha kuukweza. Motero phindu lawo lidagona pa kutsika kwa malipiro. Mgodi uliwonse ukamadzifunira wokha antchito, migodi inkapikisana ndipo malipiro ankakwera. Tsono cha mu 1900, nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi ili m'kati, bungwe la eni migodi lotchedwa Chamber of Mines lidakhazikitsa Witwatersrand Native Labour Association, dzina limene pakamwa pa anthu lidasanduka Wenela. Mfundo iyi tiigwire bwino, pakuti zonse zotsatira zachokera pamenepa. Wenela adali wantchito wa eni migodi, ndipo adakhazikitsidwa kuti khomo lolowera ku migodi likhale limodzi, munthu asapeze mpata wosankha womulipira bwino.

Mu 1903 boma la atsamunda kuno lidalola Wenela kutenga amuna pafupifupi 1,000 mongoyesa. Anthu ozolowera dziko lotentha adafika kudziko la chisanu, nagona mothithikana m'makomboni, ndipo chibayo chidapha ambiri. Imfa zidachuluka pakati pa onse ochokera kumaiko otentha, mpaka mu 1913 boma la South Africa lidaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22. Dziko lathu lidali m'gulu limenelo.

Ku Southern Rhodesia, kumene lero ndi ku Zimbabwe, kudali bungwe lina lotchedwa Rhodesia Native Labour Bureau, limene lidayamba mu 1903. Antchito eni ake adalipatsa dzina lawo: chibalo. Mawuwa tikali nawo mpaka lero, ndipo tonse timadziwa kuti satanthauza ntchito imene munthu wasankha. Chifukwa chake chidali chakuti migodi ndi mafamu olipira bwino ankapeza antchito obwera okha, pamene malo a mbiri yoipa, a zakudya zochepa ndi akapitawo ankhanza, ankadalira bungwelo kuti liwabweretsere anthu omangidwa ndi kontirakiti yaitali. Munthu wolembedwa ndi bungwe ankapita kumene watumizidwa.

Ichi ndicho chifukwa ambiri adasankha kuyenda selufu, ndiko kuti modzidalira okha. Ankayenda pansi m'magulu kwa masabata angapo, kudutsa m'dziko la Apwitikizi, kuwoloka Zambezi cha ku Tete, mpaka kukafika ku Mtoko ndi ku Salisbury. M'njiramo mudali njala, zilombo ndi achifwamba, mudalinso anthu a chibalo odikirira paziwoloko kuti akole otopa ndi anjala powaonetsa chakudya ndi bulangete. Amene adapirira ankafika ali ndi chinthu chimodzi chimene mnzawo wolembedwa adalibe: ankatha kufunsa kwa abale amene adatsogola kuti mzungu wabwino ali kuti, ndipo zikamuipira ankatha kusamuka nthawi yake ikatha.

Bungwe la chibalo lidatsekedwa mu 1933, koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mu 1946, kudabadwa lina lolowa m'malo mwake limene kuno lidadziwika ndi dzina lakuti Mthandizi. Boma la Southern Rhodesia lidalinso ndi malole onyamula anthu opita kukagwira ntchito popanda kulipira, ndipo ankatchedwa Ulere. Mayina awiriwa ndi okoma m'makutu, ndipo sadasankhidwe mwangozi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pofika mu 1935 midzi idali itayamba kuoneka mabwinja a amuna. Komiti imene boma lidakhazikitsa, yotsogozedwa ndi Travers Lacey, idayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 adali kunja kwa dziko, ndipo idadandaula ndi kuchuluka kwa matchona, anthu amene adapita osabwerera. Boma silidatseke njira. Lidaona kuti n'kwabwino kuti anthu azipita kudzera m'mabungwe, kuti lizitha kuwawerenga, kutolera msonkho wawo ndi kuwabweza. Chiletso cha mu 1913 chidachotsedwa m'zaka zomwezo za m'ma 1930, ndipo Wenela adabwereranso. Mu 1935 mlatho wa njanji pa Zambezi udatsegulidwa ndipo njanji idafika ku Salima. Kuyambira mu 1952 Wenela adayamba kunyamula anthu pa ndege zake. Ulendo wa masabata ambiri udasanduka wa masiku ochepa.

Ulendo wa munthu wolembedwa

Tiyeni timutsate mwamuna mmodzi wa zaka za m'ma 1960, monga momwe akuluakulu ambiri amafotokozera. Ankafika ku ofesi ya Wenela ndi chitupa cha msonkho. Ankamuvula, kumuika pasikelo, kumumvera chifuwa. Akapambana, kalaliki ankawerenga mawu a kontirakiti kwa gulu lonse pamodzi, ndipo aliyense ankadinda chala. Ambiri mwa agogo athu ankatha kuwerenga Qur'an ndi kulemba kalata m'zilembo za Chiarabu, koma pepala lija lidali m'chilankhulo china, ndipo silinkapatsa munthu mpata woti asinthe ngakhale liwu limodzi.

Ndege inkamutenga mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo kuchokera pamenepo sitima ya pamtunda inkamufikitsa ku depoti yaikulu ya ku Johannesburg imene antchito ankaitcha Mzilikazi. Kumeneko ankamuyezanso, ndipo kenaka ankauzidwa mgodi umene apite. Migodi ina inkapitirira makilomita awiri kapena atatu kuya kwake, ndipo pansipo thanthwe limatentha. Choncho munthu watsopano ankayamba walowetsedwa m'chipinda cha nthunzi, kumene ankakwera ndi kutsika pa kachitsa kwa maola angapo tsiku ndi tsiku kuti thupi lizolowere. Ankaphunzira Fanakalo, chilankhulo cha malamulo a pantchito. Ankagona pa bedi la simenti m'chipinda cha amuna ambiri, ndipo ankadziwika ndi nambala.

Apa ndi pamene kusiyana kwa lonjezo ndi zenizeni kunkaonekera. Munthu ankachoka kumudzi akuwerenga miyezi, koma mgodi unkawerenga mashifiti. Tsiku limene wadwala kapena limene sadalowe pansi silinkafupikitsa kontirakiti. M'zaka zoyambirira kudalinso chimene ankachitcha tikiti ya lofa: woboola thanthwe akalephera kufika muyeso umene adaikiridwa, tsikulo silinkawerengedwa ngakhale adakhetsa thukuta kuyambira m'mamawa. Kuthawa ntchito kontirakiti isanathe kudali mlandu wopita nawo kundende, ndipo malamulo amenewo adakhalapo ku South Africa mpaka mu 1974. Eni migodi adagwirizananso malire a malipiro kuti mgodi wina usapose unzake. Katswiri wa zachuma wa ku Cape Town, Francis Wilson, adawerengera n'kupeza kuti mphamvu yogulira zinthu ya malipiro a munthu wakuda m'migodi ya golide mu 1969 sidapose ya mu 1911. Zaka 58 zidadutsa, agogo, bambo ndi mdzukulu akulowa dzenje limodzi pa mtengo umodzi.

Chilungamo chikutikakamiza kunenanso mbali inayo. Wenela ankamufikitsa munthu amene wamulemba, ankamudyetsa m'njira, ndipo kontirakiti ikatha ankamubweza kwawo. Kudzera m'maofesi ake kalata ndi ndalama zinkafika kumudzi. Gawo lalikulu la malipiro linkasungidwa kuti munthu adzalandire atafika kuno, ndipo ngakhale boma linkapezerapo ndalama zakunja, dongosololi lidathandiza ambiri kubwera ndi kanthu m'manja. Malata oyamba a m'midzi yambiri, njinga, wailesi, makina osokera, makoka ndi mabwato, ngakhale njerwa za mizikiti ina, zidachokera m'thukuta limenelo. Woyenda selufu adalibe womutsimikizira zobwerera, ndipo matchona ambiri adachokera m'gulu limeneli. Njira zonse ziwiri zidali ndi mtengo wake. Wolembedwa ankagula chitetezo cha ulendo polipira ufulu wake wosankha, pamene wa selufu ankasunga ufuluwo poika moyo wake pachiswe.

Msilamu m'komboni, mkazi wake kumudzi

Kontirakiti sinkadziwa za Ijumaa. Tsiku lopuma lidali Lamulungu, ndipo nthawi ya khutba inkamupeza munthu ali pansi pa nthaka, kumene dzuwa silioneka kuti adziwe nthawi ya swala. Chakudya chinkaphikidwa m'khitchini imodzi ya komboni yonse, nyama yake yosadziwika wozinga, ndipo mowa udali gawo la zimene mgodi unkapereka kwa antchito. Ramadhan inkafika pa munthu amene ntchito yake inkamukhetsa thukuta tsiku lonse. Tikamva kuti agogo athu ena ankadya nsima ndi nyemba kwa miyezi, kapena kuti ankabweza masiku a kusala atafika kumudzi, tizindikire kulemera kwa zimene adasenza.

Amene adayenda selufu n'kukhazikika m'matauni, m'migodi ndi m'mafamu a fodya a ku Rhodesia adapeza mpata wochulukirapo. Ankasonkhana, kusankha mwalimu pakati pawo, kusonkha ndalama za maliro, ndi kumanga timizikiti ta udzu timene pambuyo pake tidasanduka ta njerwa. Mpaka lero Asilamu ambiri a ku Zimbabwe ndi zidzukulu za anthu ochokera kuno, ndipo m'mizikiti yawo Chiyao ndi Chichewa zikumvekabe. Ku Durban abale athu adapeza Asilamu otchedwa Amazanzibari, zidzukulu za akapolo omasulidwa amene adafikitsidwa kumeneko m'zaka za m'ma 1870, ndipo ena adakwatira pakati pawo. Anthu amene adanyamuka kukafuna msonkho adasanduka onyamula Chisilamu, ngakhale palibe amene adawatuma.

Koma mtolo wolemera udatsala kumudzi. Mkazi ankalima yekha, kufolera nyumba podalira alongo ake, ndi kulera ana amene bambo awo ankawadziwira pa chithunzi. Kalata zikasiya kubwera, ankakhala munthu wosadziwika mbali: sali pabanja looneka, sali wamasiye. Mabuku a fiqh ali ndi khomo lonse lonena za mafqud, mwamuna wosowa amene sizikudziwika ngati ali moyo. Khalifa Umar ibn al-Khattab adagamula kuti mkazi wotere adikire zaka zinayi kenaka asunge edda, ndipo Imam Malik adatsata chigamulo chimenechi, pamene ma ulama ena adaika nthawi yotalikirapo. Kwa mashehe a m'midzi yathu nkhaniyi sidali ya m'buku chabe. Idali mayi wokhala pamphasa kutsogolo kwawo, ndi ankhoswe ake, akufunsa ngati adikirebe. Pa kontirakiti padali chala chimodzi, koma omangidwa nayo adali nyumba yonse.

Ndege ya pa 4 April 1974

Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda, amene iye mwini adagwirapo ntchito pa mgodi wina wa ku Joni ali mnyamata, lidachita mgwirizano wa antchito ndi South Africa mu 1967. Chiwerengero chidakwera msanga, ndipo pofika mu 1973 Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya kumeneko.

Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 idanyamuka ku Francistown kulowera ku Blantyre, itanyamula anthu amene adamaliza makontirakiti awo. Idagwa itangonyamuka. Mwa anthu 84 amene adali m'ndegemo, 78 adafa, ndipo oposa 70 mwa iwo adali Amalawi obwerera kwawo. Kafukufuku adapeza kuti mafuta a ndegeyo adasakanizidwa ndi mafuta a mtundu wina. Dr Banda adaimitsa ntchito ya Wenela nthawi yomweyo, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira amuna zikwizikwi adabwerera kumudzi. Eni migodi, ataona kuti gwero lalikulu la antchito lauma, ndiponso mtengo wa golide utakwera, adakweza malipiro kwambiri kuti akope anthu a m'dziko lawo lomwelo. Ndalama zimene kwa zaka zambiri zinkanenedwa kuti palibe zidapezeka pamene anthu adasowa.

Mu 1977 kulemba kudayambiranso pansi pa dzina latsopano la TEBA, limene ife timati Theba, koma chiwerengero sichidafikenso pa chakale. Mu 1988 padabuka mkangano pakati pa maboma awiriwa pa nkhani yoyeza antchito kachilombo ka HIV asanapite, ndipo khomo lidatsekeka. Amuna amene adazolowera kupita ndi kubwera adapezeka ali pamudzi opanda chochita, ndipo palibe amene adawafunsa maganizo.

Ngongole ina idatsala m'zifuwa. Fumbi la thanthwe limalowa m'mapapo n'kuwaumitsa pang'onopang'ono, ndipo limatsegulira njira chifuwa chachikulu. Matendawa amatha kuonekera patapita zaka zambiri munthu atasiya ntchito. Bungwe limene lidamuyeza mosamala popita silidamutsate kumudzi kukaona mmene akupumira. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg lidavomereza mgwirizano wakuti makampani akuluakulu a golide apereke mabiliyoni 5 a ndalama za rand kwa odwala matendawa ndi kwa mabanja a omwalira, kudzera mu Tshiamiso Trust, kwa amene adagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo kuyambira pa 12 March 1965. Koma wofuna chipukuta misozi ayenera kusonyeza kuti adagwira kuti ndipo liti. Ambiri adamwalira kale, ndipo mapepala a ena adadyedwa ndi chiswe m'masutikesi omwe adabwera nawo.

Muyeso wa Shariah

Chisilamu sichiletsa munthu kugulitsa mphamvu zake, ndipo sichiletsa woima pakati kulandira malipiro. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adawetapo ziweto za anthu a ku Makkah molipidwa, ndipo pa ulendo wa Hijra adalemba ganyu munthu wodziwa njira za m'chipululu, Abdullah ibn Urayqit. Imam al-Bukhari, m'gawo la buku lake lonena za ijara, adaika khomo la malipiro a simsar, amene ndi mkhalapakati wa pamalonda. Wodziwa njira ndi wofunika, ndipo thukuta lake ndi halaal.

Chimene Shariah imafuna ndi kuyera kwa pangano. Ma ulama a madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife timatsata, adaika kuti pa ijara malipiro adziwike, ntchito idziwike, ndipo muyeso wake, kaya ndi nthawi kaya ndi kuchuluka kwa ntchitoyo, udziwike kwa onse awiri asanagwirizane. Kubisika kwa zimenezi kumatchedwa gharar, ndipo kumaononga pangano. M'Surah Al-Qasas timawerenga mmene Mneneri Musa (mtendere ukhale pa iye) adalembedwera ntchito ku Madyan: zaka zidatchulidwa poyera, zisanu ndi zitatu, ndipo ziwiri zowonjezera zidasiyidwa m'manja mwa wantchitoyo. Ayah yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 m'Surah Al-Baqarah, ikunena za kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Ndipo mu Sahih al-Bukhari muli chenjezo lakuti wogwiritsa mnzake ntchito n'kumumana malipiro adzakhala ndi mlandu ndi Allah Mwini pa Tsiku la Chiweruzo.

Tikaika Wenela ndi Mthandizi pa muyeso umenewu, tikuona pamene padali mpata. Wolonjeza adali wina, wolipira adali wina. Wantchito ankadinda chala asanadziwe dzina la bwana wake. Nthawi inkawerengedwa ndi muyeso umene iye sadaumvetse. Zinthu zikaipa, mgodi unkaloza bungwe, bungwe n'kuloza boma, ndipo munthu ankatsala pakati. Zaka zonsezi, zowawa zambiri za agogo athu zidalowera pa mpata umenewu.

Ajenti wa lero

Pali chinthu chimodzi chimene chiyenera kutidzidzimutsa. Wenela ankalipidwa ndi eni migodi, adali ndi maofesi odziwika, ndipo ankayenda pansi pa mapangano a maboma. Ajenti wa pa foni kawirikawiri amafuna ndalama kuchokera kwa banja lenilenilo mwana asananyamuke, alibe khomo limene mungagogode, ndipo nambala yake ikazima nkhani yathera pomwepo. Pangano la bungwe la International Labour Organization la mu 1997 lonena za mabungwe olemba anthu ntchito limati wantchito asalipiritsidwe kuti apezeredwe ntchito.

Mu 2024 wailesi ya BBC idaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene adatengedwa ndi maajenti kupita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, koma adakapezeka ali m'nyumba za anthu, mapasipoti atalandidwa, ena akuzunzidwa. Oposa 50 adathandizidwa kubwerera. Kumeneko kuli dongosolo la kafala, limene limamangirira chilolezo cha wantchito kwa bwana mmodzi, ndipo bwana amene adalipira ajenti amafuna ndalama zake zibwezedwe asanamasule munthu. Zimatipweteka kunena izi za dziko la Asilamu anzathu, koma adhana yomveka m'tauni siteteza mtsikana wotsekeredwa m'khitchini. Dziko lathu lili ndi lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la mu 2015, koma lamulo limafika mochedwa pamene mwana wakwera kale ndege.

Sitikunena kuti ana asapite. Nsomba zachepa m'nyanja, minda yachepa, ndipo rizq ya Allah ili ponseponse padziko. Tikunena kuti safunsa adadya phula. Mwana asananyamuke, banja likhale pansi ndi kufunsa. Kodi bwana weniweni ndani, dzina lake ndi malo ake? Kodi malipiro ndi angati, adzaperekedwa ndi yani, ndipo chidzadulidwapo n'chiyani? Kodi nthawi ikuwerengedwa motani, ndipo akafuna kusiya adzatani? Kodi pasipoti idzakhala m'manja mwa yani? Akadwala kapena akamwalira, adzamubweza ndani? Kodi ajentiyu akudziwika ku ofesi ya zantchito ya paboma? Mayankho alembedwe, awerengedwe ndi munthu wodziwa chilankhulocho amene sali mbali ya ajenti, pakhale mboni, ndipo pepala lina litsale kunyumba. Ngati wopitayo ali pabanja, mkazi kapena mwamuna wake amve zonse ndipo anene mawu ake. Ajenti woona sakwiya ndi mafunso otere. Amene akufulumizitsa, nanena kuti malo atsala awiri okha, wayankha kale.

Makomiti a mizikiti angathe kusenza gawo la ntchitoyi, monga momwe amasenzera za nikah ndi za maliro. Ndipo m'midzi yathu mukadali akuluakulu ochepa amene adakwera ndege ya Wenela. Ana athu a m'madrasa apite akakhale nawo pakhonde, awafunse dzina la mgodi, chaka chimene adapita ndi nambala imene ankadziwika nayo, ndipo alembe. Mapepala a ku Theba amene atsala asungidwe pouma, pakuti angathe kuthandiza mayi wamasiye mawa. Agogo athu adadinda chala pa mawu amene sadathe kuwawerenga chifukwa adalibe wowawerengera. Zidzukulu zawo zili ndi sukulu, zili ndi madrasa, zili ndi mbiri imeneyi.

Allah awakhululukire amene adagona m'manda a kutali, awachiritse amene akudwala zifuwa za m'migodi, ndipo awasunge ana athu amene ali m'njira. Ameen.